Miyendo Yakumchira

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi kamdzukulu kanga. Kodi chifuwa chija chinamusiya? Ine kuno ndiliko, bondo lokha ndilo likundikumbutsa zaka zanga.

Usaseke, kapena seka, palibe kanthu: bambo ako tsopano ndi chilombo.

Mwezi wathawu anandiitana kuholo ya pafupi ndi msika kuti ndikakonze mabenchi. Ndinapeza gulu la zisudzo likuyeserera sewero la ana. M'seweromo muli chilombo chongopeka, chachitali ngati bongololo, cha miyendo khumi ndi iwiri. Ndi anthu asanu ndi mmodzi ofunda chinsalu chimodzi, owerama, aliyense atagwira m'chiuno mwa mnzake wakutsogolo. Pamsana anamatapo makatoni olimba. Tsikulo mwini miyendo yakumchira anali atapita kukakwatira kutali, ndiye mkulu wa sewero, mtsikana wa msinkhu wako, anandiyang'ana kuyambira m'chiuno kutsika n'kunena kuti ndikwanira. Ndinavomera msanga mochititsa manyazi. Nanga kunyumba ndikanathamangira chiyani?

Vuto linali limodzi. Chilombochi chimamenyana ndi mnyamata wa lupanga, ndipo chinkafa msanga ngati nkhuku. Mkuluyo anati ana sangaope chinthu chongoima kudikira kudulidwa, tichipezere njira yodzitetezera.

Mnzathu wina wometa anthu, amene ali miyendo yachiwiri, anati aliyense atulutse dzanja limodzi atagwira lupanga lake. Ndinasema malupanga amatabwa, tinayesa. Mwana wanga, mdaniyo sitinamukhudze n'komwe. M'kati mwa nsalu munthu suona kanthu, ndiye tinangokhapana tokhatokha, mnzathu wina, telala, n'kupita kwawo akutsimphina, akutukwana wometa ndi makolo ake omwe. Kenako wina anati chilombo chiziimirira ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo izitchinga lupanga. Ndinawafunsa kuti yakumbuyoyo ndi ya yani, ndipo anthu asanu ndiwasenza ndi bondo liti. Nkhani inathera pomwepo.

Njira inabwera yokha. Mutu wa chilombo ndi mayi wina wochapa zovala, wamantha kwambiri, timangowatchula kuti Amutu. Tsiku lina mnyamata uja anazunguza lupanga pafupi ndi nkhope yawo, iwo n'kukuwa, n'kutembenuka kuthawira kumbuyo. Poti tonse tinali titagwirana, tinawatsatira, chilombo n'kudzipinda chokha, miyendo yonse m'kati, makatoni kunja. Amutu anafika kumchira n'kundigwira m'chiuno zolimba. Mnyamata anazungulira, kukhapa apa, kukhapa apo, koma ponseponse ankangopeza msana. Mkulu wa sewero analumpha ndi chimwemwe. Anawonjezera kuti mnyamatayo akatopa, chilombo chizitambasuka n'kumukulunga iyeyo, chifukwa lupanga lalitali limafuna malo, ukamupanikiza mwiniwake sangalizunguze.

Onse ankaseka. Ine m'nsalumo ndinkalira.

Ukudziwa, wakumchira amagwira mnzake koma iye alibe womugwira. Ndinali nditazolowera. Koma manja aja atandigwira, ndinazindikira kuti chiikireni mayi ako m'manda, palibe munthu anandikhudzapo, ngakhale paphewa pokha. Womaliza unali iwe, tsiku lija unkakwera basi pochoka kumaliroko. Amutu atandifunsa za maso ofiira, ndinanamizira fumbi la makatoni. Usaganize zina, ali ndi amuna awo, ndiponso tikadzipinda amandiponda chidendene tsiku lililonse.

Tikaweruka, anzanga amabalalika, aliyense kuthamangira kwa omudikira. Ine ndimapinda nsalu pang'onopang'ono, kusesa posesa kale, mpaka mlonda agwedeze makiyi. Kunyumba ndimatsegula wailesi kuti mumveke mawu a munthu. Mpando wa mayi ako ndinautembenuzira kukhoma, koma sizinathandize. Ndimasowa anthu, mwana wanga, ndimasowa kwambiri.

Sindikukuimba mlandu. Ntchito yako ndikuidziwa, ulendo ndi wautali, ndipo foni umaimba. Koma pafoni ndimangoti ndili bwino, nawe umakhulupirira, poti ndine ndinakuphunzitsa kuti bambo ako sanama. Ndiye ndati ndilembe, papepala bodza limandivuta.

Seweroli tidzaonetsa Loweruka lomaliza la mwezi uno, kamodzi kokha. Likatha, nsalu adzaiika m'bokosi, gulu lidzabalalika, ine ndidzabwerera ku mabenchi anga. Aliyense anamupatsa mipando iwiri ya abale. Wometa anandipempha yanga poti ali ndi ana ambiri, akuti ine ndilibe womukhazikapo. Ndinamukaniza. Ndinamuuza kuti mwana wanga akubwera ndi mdzukulu wanga. Ndinanena mokweza, onse anamva.

Chonde bwera. Chikwatiwire sindinakupemphepo kanthu, lero ndikupempha.

Nkhope yanga simudzaiona. Chilombocho, ngakhale chidziteteze bwanji, pamapeto chimafabe, ndi mmene anakonzera, ndipo timagona pansi osagwedezeka pamene anthu akuombera m'manja mnyamata wa lupanga. Iwe usadzaombe nawo. Udzamuuze mdzukulu wanga akuwe ndi mawu ake onse kuti agogo dzukani. Nsaluyo ndi yopyapyala, ndidzamva. Mkulu wa sewero adzakwiya, koma ine ndidzadzuka.

Undiperekere moni kwa mkamwini wanga, umuuze andibwereke iwe ndi mwanayo kwa masiku awiri okha. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni ulendo wabwino.

Ndine bambo ako,
amene akukudikira.