Kukaotha ku Chipatala

Lolemba, 9 Juni

Chisanu. Madzi anauma mumpopi mpaka dzuwa litakwera. Ndapima nkhuni kushedi: mulu wa mamita awiri, mwina kupitirira pang'ono. Juni wangoyamba kumene, ndipo kuno ku Coyhaique kuzizira sikutha Seputembala asanafike.

Fresia akanakhalapo bwenzi shedi ili yodzaza mpaka kudenga. Ankagula mu Januwale, mtengo usanakwere. Januwale wa chaka chino ndinali pambali pa bedi lake. Za nkhuni akanaganiza ndani?

Lero miyezi itatu chimuikireni m'manda. Zaka makumi anayi ndi zitatu za ukwati. Ine kuyendetsa basi, iye kusunga nyumba yofunda. Ndinkayesa nyumba imafunda yokha.

Lachitatu, 11 Juni

Ndatseka chipinda chathu. Cha mwana wathu Marisol ndinatseka kale. Matiresi ndakokera kukhitchini, pafupi ndi chitofu. Msana ukundidandaula.

Manyuzipepala m'ming'alu ya mawindo, pulasitiki pamwamba, misomali ing'onoing'ono. Pansi pa chitseko ndatseka ndi juzi lakale la Fresia, lobiriwira lija. Kenako ndalichotsa. Ndaikapo langa.

Kunabwera wa lole yogulitsa nkhuni. Akuti, "Zouma gwa izi, madala." Ndinanyamula chikuni chimodzi, kulemera ngati mwana wa nkhosa, madzi okhaokha. Mtengo wake theka la penshoni. Ndangomuthokoza.

Loweruka, 14 Juni

Marisol anaimba kuchokera ku Santiago. "Ababa, nkhuni muli nazo zokwanira?" Ndati mbwee. Ndati mpaka ndikumatsegula windo chifukwa cha kutentha. Ndikulankhula choncho chipewa chili kumutu, mpweya wanga ukuoneka ngati utsi.

Ali ndi ana atatu, mwamuna wake ntchito inamuthera. Akadziwa zoona adzanditenga, akandiike m'nyumba zosanjikizana zija, iyi agulitse. Ndiye maluwa kumanda adzapititsa ndani?

Lamulo latsopano: moto m'mawa wophikira, kenako uzime. Madzulo zikuni zitatu basi. Masana kuyendayenda m'khitchini. Masitepe asanu ndi limodzi kupita, asanu ndi limodzi kubwera.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndinapita kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu kukatenga mankhwala a BP. Pofikira anthu mpofunda! Zitsulo zotenthetsa m'khoma monse. Mankhwala ndinalandira cha m'ma 10. Ndinati ndikhale kaye pang'ono zala zimasuke. Ndadzuka pabenchipo akutseka.

Palibe anandifunsa kanthu. Nkhalamba pabenchi la chipatala ndani angaidabwe.

Zikuni zisanu zapulumuka.

Lachinayi, 19 Juni

Dzulo ndinapitanso. Leronso. Buledi m'thumba la jasi, chiphaso cha kuchipatala m'manja kuti ndizioneka ngati ndikudikira dokotala.

Benchi la kumapeto, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi: Gumercindo. Mlongo wake wa Fresia, wamkulu. Zaka khumi ndi chimodzi osalankhulana, chigulitsireni munda wa makolo awo mwakachetechete, Fresia osaonako ngakhale peso imodzi. Pamaliro anaima kumbuyo kwenikweni, ine sindinamupatse dzanja.

Waonda. Jasi ngati la eni. Nayenso kapepala m'manja, kothetheka m'mphepete. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana chithunzi cha pakhoma chophunzitsa kusamba m'manja. Ndachiloweza chonse.

Lachiwiri, 24 Juni

Wayamba ndi iyeyo. Anabwera n'kukhala pambali panga ngati tinasiyana dzulo. "Alamu, ndaona matenda anu ndi anga ndi amodzi."

Ndinamuyankha kuti, "Munda munatenga, tsopano mukufuna benchi?" Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Chifuwa choipa, chochokera pansi.

Masana namwino wina, dzina lake Yasna, anaima patsogolo pathu manja m'chiuno. Ndinati basi atithamangitsa. Iye: "Agogo awiri inu, sendererani kuchitsulo uko, pakhomo pano pakulowa mphepo. Mapepalawo bwezani m'thumba."

Ndiye kuti ankadziwa chiyambire. Manyazi mpaka m'makutu. Koma tinasendera.

Lachisanu, 27 Juni

Anabweretsa chikho ndi yerba, masamba a tiyi wa kuno, ine fulasiki ya madzi otentha. Tinamwa mopatsirana. Za munda ananena yekha, osandiyang'ana: "Ndinalakwa, alamu. Zinathera m'botolo." Ndinamubwezera chikho.

Kenako anati buledi wanga ndi wouma, sangafanane ndi wa Fresia. Ndinamufunsa kuti wa Fresia anamudya liti. Akuti mwezi uliwonse. Zaka zonsezi. Fresia ankapita kwa iye Lachisanu loyamba la mwezi, ine ndili paulendo wa ku Puerto Aysén, atanyamula buledi ndi masokosi oluka. "Simunadziwe?"

Sindinadziwe. Ine ndinkasunga mkwiyo m'malo mwake, ndikuyesa ndikumumenyera nkhondo, mwini wake anakhululuka kalekale osandiuza. Ankandiopa? Kapena ankandiona ngati mwana wosafunika kumuuza zinthu?

Ndinachoka nthawi isanakwane. Kunyumba ndinaponya zikuni zisanu ndi chimodzi m'chitofu nthawi imodzi. Uchitsiru.

Lolemba, 30 Juni

Chipale chofewa kuyambira Loweruka, chafika m'mawondo. Sindinapite kuchipatala. Sindikufuna kumuona Gumercindo.

Masiku atatu osatulutsa mawu. Lero ndinayesa kunena kuti "Heriberto", dzina langa lomwe, kuti ndione ngati pakhosi pakugwirabe ntchito.

Ndinatsegula chipinda chathu kuti ndimufunse Fresia. Muli fungo la chinyezi basi. Ndatsekanso.

Mbatata yophika, mchere.

Lachitatu, 2 Julayi

Ndangofika kumene.

Ndinapita. Benchi lopanda munthu. Yasna akuti Gumercindo sanamuone chichokereni Lachisanu, ankayesa tili limodzi. Ndinakhala pansi. Ndinati si nkhani yanga. Ndinakhala mwina theka la ola.

Kwawo ndi kumtunda, kumapeto kwa msewu. Ndinagwa kawiri. Nyumba zonse utsi tolotolo, yake yokha ayi. Pakhomo chipale chosapondedwa.

Chitseko sichinali chokhoma. Mkati mulibe mpando, mulibe tebulo, mashelefu anazula. Zonse anasonkhezera. Iye pabedi, jasi ndi nsapato zili m'thupi, milomo yakuda, kupuma ngati sowo. Ndinamugwedeza. Anatsegula diso limodzi: "Mwabwera kudzalanda bedi?"

Mayi wa nyumba yoyandikana ali ndi galimoto. Tinamunyamula m'bulangete, wopepuka ngati mtolo wa udzu, n'kuthamangira naye kuchipatala chachikulu. Chibayo. Adokotala akuti likanadutsa tsiku lina limodzi bwenzi tikunena zina.

Ndikanapita Lolemba.

Loweruka, 5 Julayi

Ndamuimbira Marisol. Ndamuuza zonse: shedi, matiresi kukhitchini, benchi, amalume ake. Anayamba ndi kukalipa, "Ababa, mukufuna ndikuikeni inunso chaka chomwechi?" Kenako kulira.

Za ku Santiago wanena, inde. Ndati ayi. Wati tidzakambirana kukafunda. Atumiza kangachepe, ndipo wandilumbiritsa kuti ndikalembetse ku ofesi yothandiza okalamba. Ndipita Lolemba. Ndidzavala tayi.

Kuchipatala chachikulu amalola ola limodzi lokha. Gumercindo anali m'tulo. Ndinangokhala.

Lachinayi, 10 Julayi

Amutulutsa dzulo. Adokotala anafunsa kuti kunyumba kuli moto? Kuli womuyang'anira? Gumercindo anayang'ana kudenga. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti apita kwathu.

Ndiye ali pano. Matiresi ndamusiyira, ine ndayala zikopa za nkhosa pabenchi la kuseri kwa chitofu. Nkhuni zatsala zosakwana mita. Moto suyenera kuzima usana wonse, atero adokotala. Mapenshoni awiri, chitofu chimodzi, mwina tifika Ogasiti. Mwina.

Amatafuna mokweza. Amalankhula ndi wailesi. Amadziwa nkhani za Fresia ali mtsikana zimene ine sindinazimvepo, zoti anathyola mkono akuthamangitsa kavalo wa eni. Ndimachita ngati sindikumvetsera.

Za munda sitinathane. Ndamuuza m'mawa uno kuti akachira tidzakangana bwinobwino, ngati amuna. Iye akuti, "Ndiye sindichira msanga, alamu."

Akuitana. Ati madzi a yerba azizira, ati ndikufuna kumupha. Munthu ameneyu, ndithu