Chaka Chino Nkhungu Sizikuchoka

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi kamdzukulu kanga. Kodi chifuwa chija chinakasiya? Ine kuno ndadzuka, mawondo okha ndiwo amadandaula ndikamakwera makwerero.

Nkhungu zinafika pa nthawi yake. Ukuzikumbukira, tizilombo touluka tija totuluka m'nyanja ngati utsi? Zinadzaza pakhonde, m'mawindo, ngakhale m'kapu ya tiyi. M'mawa uliwonse ndinkasesa zakufa zodzaza ndowa, fungo lake ngati nsomba yoola. Madzulo magetsi osayatsa, pajatu ukayatsa wadziitanira alendo. Amayi ako ali moyo mdimawo sunkandivuta, tinkakhala tikulimbirana wailesi. Pano tsiku limatha ndisanatsegule pakamwa, ndipo ndimasungulumwa kwambiri.

Ntchito nayo inaima. Wopenta sapenta nyengo ya nkhungu, zimamatirira pa penti yaiwisi. Patapita masabata, atelala oyandikana nafe aja anandiitana kuti ndiwapakire penti yoyera m'shopu mwawo. Nditangomaliza khoma loyamba, ndinaona timadontho takuda tatera kale. Ndinatukwana, n'kupala, n'kupakanso. Pocheuka, tabweranso. Kupala, kupaka, kupala, kupaka, mpaka penti inatsala pang'ono kutha m'chitini.

Atelala anasiya makina n'kudzaima kumbuyo kwanga. Poyamba anandiseka, ati kodi ndayambana ndi khoma. Kenako kuseka kunatha. Anandigwira mkono n'kundiuza motsitsa mawu kuti khomalo layera mbee, ndipo nkhungu zinatha kalekale, ngakhale akangaude anaziiwala.

Ndinayang'ana kudenga, zilipo. Ndinayang'ana m'chikhatho, zilimo. Mwana wanga, ndinachita mantha.

Kuchipatala adokotala anandiunika, ati ndi shuga uja walowa m'maso. Diso lamanzere akuti lapita. Lamanja ayesa kulichedwetsa ndi mankhwala, koma anati sakufuna kundinamiza. Nditafunsa kuti latsala ndi nthawi yaitali bwanji, anangoti ngati pali chimene ndikufuna kuona, ndisazengereze.

Sindikuti udzakhale kuno uzindisamala, ayi. Nyumba ino ndinaipenta ndekha mkati ndi kunja, ndingayendemo nditatsinzina. Ndikudziwanso kuti kuntchito kwako tchuthi n'chovuta, n'chifukwa chake chaka chilichonse ndimakuuza kuti usadandaule, udzabwera chaka chamawa. Mawu amenewo ndawabweza.

Mwanayo chibadwire sindinamunyamulepo. Zithunzi zimene umatumiza pafoni ndimaziyandikiza mpaka pamphuno, koma timadontho tija timatera pankhope pake penipeni. Umati anatengera chipumi cha amayi ako. Ndikufuna ndidzionere ndekha, panja, dzuwa likuswa mtengo, ndisanafike pomufufuza ndi zala.

Bwera naye, chonde. Ngakhale ukangogona usiku umodzi n'kubwerera, ine sindidzadandaula. Ndipo usadikire kuti ayambe kuyenda bwino kapena kuti nyengo ikhale yabwino, zimenezo zidzatipeza m'tsogolo.

Mulungu akusungeni nonse, akupatseninso ulendo wabwino. Upereke moni kwa amuna ako, uwauze kuti ndikubwereka banja lawo masiku ochepa chabe. Kamdzukuluko ukanong'oneze kuti agogo ake akasungira diso limodzi, koma sangalisunge mpaka kalekale.

Ndine,
Bambo ako