Ndagula Kagalimoto Kopanda Mchira

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Khalani pansi kaye, ndipo ngati adada ali pafupi muwakodole, chifukwa uthengawu ndi waukulu. Ine mwana wanu Dalitso, mphunzitsi wa mbiri yakale pasekondale ya kuno kufupi ndi Manyamula, munthu amene njinga yakapalasa inamugwetsapo m'ngalande ana asukulu akuona, tsopano ndili ndi kiyi amene satsegula nyumba ina iliyonse. Ndagula galimoto. Musafulumire kuimba nthungululu. Ndi kagalimoto, ndipo mchira kalibe. Ndi timagalimoto tija tooneka ngati wina anatidula ndi chikwanje kumbuyo, tachitseko chokweza m'mwamba ngati chivundikiro cha bokosi. Mwini wake woyamba ali ku Japan, wachiwiri ali ku Lilongwe, ena apakatiwo sanatchulidwe. Ine ndalowa ngati mkazi wamng'ono pamitala.

Zapakhomo ndi zomwe zija. Chimanga chinayesetsa, mtedza unadyedwa ndi chiswe. Mdzukulu wanu Tawonga, amene munamusiya akukwawa, pano amathamangitsa nkhuku ndipo amandiyankha m'Chitumbuka chokhachokha. Chichewa chanu cha ku Dedza ndikamamulankhula amangochimvera ngati wailesi.

Nkhani yeniyeni ndi yakuti mpongozi wanu NyaTembo ali ndi pakati. Mukukumbukira mmene Tawonga anabadwira, ndi mpeni wa adokotala, inu muli pakhonde la chipatala mukupemphera m'zilankhulo ziwiri. Ulendo uno kusikelo anamwino anena mosabisa kuti asayerekeze kuchirira kunyumba kapena pachipatala chaching'ono, chifukwa chilonda chakale chija chikhoza kung'ambika. Zikangoyamba, kapena akangoona kadontho ka magazi, ulendo wa ku Boma pomwepo. Akuti nthawi ikayandikira adzapite kuchidikiro, koma mwana sawerenga kalendala. Mwezi wakenso ukugwera pakati penipeni pa dzinja, pamene msewu wathu umasanduka phala.

Mmene ngolo imayendera pamsewu umenewo mukudziwa ndi inu kuposa ine. Tsiku lija dzuwa lili paliwombo, ine ndikuimbira aliyense amene anakhalapo ndi galimoto, uyu akuti yake ili ku Jenda, uyu akuti mafuta palibe, mpaka tinangokugonekani pangolo. Munatisiyira panjira, Amayi, denga la chipatala tisanalione. Pamenepo sindilemba zambiri. Ndingoti chilankhulire anamwino aja, ndikamva gudumu la ngolo likulira, ndimatembenuka kuyang'ana NyaTembo.

Ndiye ndinapita ku Boma kukasankha. Paja munkati ku yunivesite ndinangophunzirako kuopa m'Chingerezi. Munalondola, ndipo mantha omwewo ndi amene asankha galimotoyi. Ndinayambira pasiteji, kuona mtundu umene a matakisi amauzunza tsiku ndi tsiku koma osafa. Ndinati ndikufuna womwewo, woti chitsulo chake chikathyoka chipezeke pamsika pafupi ndi tomato, osati choitanitsa kunja n'kumachidikira ngati malonjezo a phungu.

Wogulitsa anali a Shaba, ongofika kumene kuchokera ku Joni, nsapato yosongoka, makiyi akuzungulira pachala. Anayamba ndi kundikokera ku chigalimoto chonyezimira cha dizilo, uku akunditchula kuti mphunzitsi m'Chitumbuka.

"Asambizgi, ya munthu wa digiri ndi iyi. Yamphamvu chomene. Mukafika nayo pamaliro, mbwenu anthu asiya kulira."

Dizilo ndinakana. Kuno mafuta akasowa timagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo injini ya dizilo yamakonoyi ikangomwa kachitsotso imafuna dokotala wa ku Mzuzu ndi kompyuta yake. Ya petulo, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amaidziwa ngati m'thumba mwake. Ndinakananso zija zosintha zokha magiya, ngakhale kuti ndi zimene zikanayenera munthu wa miyendo yanga. Batire ikafa, ya magiya apamanja mumaikankha n'kulira. Inayo imangokuyang'anani.

Inu pogula nkhuku munkauzira nthenga kuti muone khungu, n'kumati, "Nthenga sitidya." Nanenso kagalimotoka ndinakauzira. Ndinalawirira kuti ndipeze injini isanatenthetsedwe. Ndinaima kumbuyo kuyang'ana mtundu wa utsi, ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kununkhiza ngati ndikudziwa fungo limene ndikufuna, ndinagwada kusuzumira kunsi kuona ngati mimba yake singakhule pa mitumbira ya msewu wathu. Zonsezi ndinaziwerenga pafoni, ndipo a Shaba ankangoyasamula.

Chinawadzutsa ndi ichi. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo chija, ndinapinda mipando, ndinavula nsapato, n'kulowa kukagona chagada, tayi ali m'khosi. NyaTembo ndi wamtali kundiposa, ndiye ndinadziwongola mpaka zala zakumapazi. Kenako ndinagona cham'mbali, mawondo opinda, monga agonera munthu amene zamugwira. Anthu ochokera kumsika anayamba kuima.

"Adada," anatero a Shaba, "mukugula galimoto kapena mukufuna nyumba ya lendi?"

Ndinaseka nawo. Koma ndili chigonere, denga lili pafupi ndi mphuno, ndinapitiriza kuyeza. Munthu amakwanamo, Amayi. Pamatsalanso malo a wina womugwira mutu.

Vuto latsala ndi dalaivala. Laisensi ndili nayo, koma laisensi siyendetsa galimoto. Ndimakaphunzirira pabwalo la mpira ana akaweruka, ndipo mtengo wa golo wakumadzulo pano unapendekeka. Kagalimotoko ndimakaimika pamtunda paja pali mtengo wa mapeyala, mphuno italoza kumsewu, mwala patayala, kuti batire ikadzakana kadzangotsetsereka. Thanki sindilola kuti itsike. M'mawa uliwonse ndimakaliza, ndimamvetsera, ndimazimitsa. Pamudzi akuti aphunzitsi agula wailesi ya matayala. Ena abwera kale kudzapempha ulendo wa kuukwati ku Champhira, ndawauza kuti kakudwala. Akuti ndayamba matama. Anene.

Sabata yatha, masana, ndikuchonga mayeso pakhonde, ndinamva mawu a NyaTembo akundiitana kuseri kwa nyumba. "Awiske Tawonga, tabwerani msanga." Sindinafunse. Ndinathamangira kugalimoto. Kiyi anagwera m'fumbi, ndipo nditamutola sankalowa pabowo. Injini italira, mwendo wakumanzere unayamba kunjenjemera pa kilatchi, galimoto inadumpha ngati chule n'kuzima. Ndinalizanso, inazimanso. Mwala uja ndinali nditaiwala kuchotsa. Pokweza maso ndinaona NyaTembo ali chiimire pawindo la galimoto, manja m'chiuno, ali bwinobwino. Ankangofuna ndimunyamulire thumba la chimanga lopita kuchigayo.

Anasuzumira m'galimotomo, nati:

"Yayi, mungondiphunzitsa ine. Tsikulo ndidzayendetsa ndekha, inu mudzagone kumbuyoko, poti munayeza kale."

Tinaseka mpaka Tawonga anabwera kudzaona. Koma iwo atalowa m'nyumba ine ndinatsala momwemo, manja pachiwongolero, malaya atanyowa kumsana. Limeneli linali tsiku louma, dzuwa likuwala, munthu alibe vuto. Nanga tsiku la matope, iye akubuula kumbuyo kwanga, ndidzatani? Kumwera kwayamba kale kuda masana, ndipo nyerere zikusamutsa mazira.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira. Malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa, sagula ngakhale matayala. Ndagulitsa ng'ombe zanu, Amayi, zonse. Zija tinagwirizana monga banja kuti zimange chiliza chanu chaka chino mvula isanagwe. Mlongo wanga Esinati anali atasankha kale vesi loti lilembedwe pamwalapo, ndi nsalu yofanana yoti tidzavale tsikulo. Ndinamuuza zitachitika kale. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye amayi anyowenso chaka chino?" Kuchokera pamenepo foni yanga sayankha.

Dzulo ndinapita pamene mwagonapo. Ndinayenda wapansi, chifukwa ndinachita manyazi kufikapo pagalimoto. Mtumbira watsika mbali ya kumutu. Ndinathirapo dothi, n'kuyala miyala m'mbali kuti madzi asadzakokolole.

Sindikudziwa ngati mukanavomera kapena mukanandikoka khutu. Ndikungopempha kuti mupirire dzinja limodzi ili. Ngati kumeneko mumatha kuona msewu, tsikulo mudzandigwirire mwendo wakumanzerewu. Chiliza ndidzamanga, ngakhale ndi thumba limodzilimodzi la simenti, ndipo podzachionetsa ndidzabwera ndi NyaTembo akuyenda ndi miyendo yake, mwana ali kumsana.

Ndine wokukondani, mwana wanu wamantha uja,
Dalitso