Ndinaombera m'manja kudula mtengo wa apongozi

Aphungu,

Ndine mkamwini pano pa Milonde, ndipo chaka chino anandisankha kulowa m'komiti ya msika. Ndinkayenda mapewa m'mwamba, koma lero ndikuzemba ngati mwana woba shuga.

Kunabwera akatswiri okonza malo ndi chipepala chachikulu cha mapulani. Anati pamene pali mtengo wa mango, polowera mumsika, ndi "malo opanda ntchito", ndiye audule pakhale poimika magalimoto. Woyamba kuomba m'manja ndinali ine. Ndinaiwaliratu kuti pansi pa mtengowo mpamene apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga Tamanda, amagulitsira nyemba zophika za kalongonda ndi anzawo. Malondawo ndi ochepa, kunena zoona. Koma wina akadwala m'mudzi zimamvekera pamenepo, wofuna ganyu ku minda ya tiyi amafunsira pomwepo, ndipo chimwalirireni amuna awo, apongoziwo amasekera pamenepo basi.

Kwathu kuno mkamwini sayankhulana maso ndi maso ndi apongozi, choncho uthenga unadzera mwa Tamanda: "Ukawauze bambo a Favour kuti akadula mtengowo, nawonso akafune mthunzi kwina." Tamanda ankaseka pondiuza, ine ayi. Nyumba yanga ndinamanga pamalo pawo! Nditani?

G.L., Milonde, Mulanje

Bambo G.L.,

Pepani, nanenso ndaseka. Akatswiri aja musawade. Ndi alendo, amajambula zimene aona ndi zimene auzidwa, ndipo woti awauze munali inu, koma munatanganidwa ndi kuomba m'manja.

Bwererani ku komiti mukanene poyera kuti munapupuluma. Pemphani kuti alendowo abwerenso tsiku la msika, akhale pansi pa mtengowo, amve okha zimene zimachitika. Amayiwo adziyankhulire, musawayankhulire. Funsaninso kuti magalimoto amene amaima pamenepo ndi ochuluka bwanji, ndiponso ngati palibe malo ena. Phindu la malo silionekera pa simenti pokha ayi.

Koma chenjerani. Uzani komiti msanga kuti mmodzi mwa amayiwo ndi apongozi anu, apo ayi anthu adzati mukungoteteza banja lanu. Musalonjezenso kunyumba kuti mtengo wapulumuka, chifukwa simugamula nokha. Ukagwa, limbikirani kuti amayiwo apatsidwe pena pamthunzi pomwe anthu amadutsa, osati kuseri kwa zimbudzi.

Tsiku la msikalo inu muime chapatali monga mwa mwambo, mutume Tamanda akagulire alendowo kalongonda. Apongozi akakuikirani mbale yanunso, dziwani kuti mukadali ndi pogona.

Aphungu