Maliro a Geresomo ku Afiyoni

Afiyoni, dziko la Aturuki
18 Januwale 1920

Achimwene a Lazaro,

Pepani ndi malembedwe angawa. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekera panjira, ndiye kuno zala zauma ndi kuzizira, cholembera chikungopulumuka m'manja. Pamene ndaphonya mungolozera nokha. Kaya muli bwanji ku Katungako, inu ndi alamu ndi ana? Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Nkhondo itatha, abwana aja amene ine ndi alamu athu a Geresomo tinkawaphikira sanatibweze ku Chiromo monga analonjezera. Anawatumiza kuno kudzayang'anira njanji, ife n'kuwatsata. Mzinda uno uli kutali ndi nyanja. Pakati pake pali mwala wakuda wautali koopsa, nyumba zonse zaunjikana m'munsi mwake, ndipo pamwamba pali linga logumuka. Akuti linamangidwa Ambuye Yesu asanabadwe, ndipo mafumu ambiri analandana mwala umenewu. A Geresomo ankati ndi chulu chabe chimene chinasowa wochigumula, n'kumandiseka kuti ine ndimaopa ngakhale mwala woti sungasunthe.

Achimwene, a Geresomo anatisiya pa 2 Disembala. Chinali chifuwa, masiku asanu ndi limodzi okha.

Adzukulu oika maliro kunalibe. Ine mlamu wawo ndinasambitsa mtembo ndekha, chinthu choti kwathu sichichitika. Abwana anapeza malo kumanda a Akhristu a kuno, amene ambiri anachotsedwa nthawi ya nkhondo, moti mandawo alibe wosesa. Kunali kutagwa zoyera zonga thonje zimene zimagwa kuno m'malo mwa mvula, nthaka n'kuuma gwa. Mkulu wina wa Chituruki wogulitsa makala, amene ankacheza ndi a Geresomo ndi manja okhaokha, anabwera ndi khasu lake osaitanidwa. Tinasonkha moto pamwamba kuti dothi lifewe, komabe dzenje linalekeza m'chiuno, ndipo chipinda cha m'mbali sitinakumbe. Pogoneka tinalimbana. Iye ankaloza kumene amayang'ana Asilamu anzake akamapemphera, ine ndinkafuna kuti ayang'ane kwathu. Atandifunsa ndi manja kuti kwanuko ndi kuti, ndinalephera kuloza. Tinagoneka monga anafunira iye. M'mawa mwake ndinakwera mwala uja mpaka kulinga kuti mwina ndizindikire, koma ndinangoona mapiri oyera mbali zonse.

Chimene chandisowetsa mtendere n'chakuti inu kumeneko simukudziwa. Kalata yoyamba ndinalemba sabata lomwelo, koma njanji inadulidwa ndipo kalatayo inabwerera m'manja mwanga. Tsono masabata asanu ndi limodzi adutsa achemwali a Jesinta, akazi awo a Geresomo, akuthira mchere m'ndiwo ndi kudyetsa ana ngati pakhomo palibe maliro, abale a pabanja nawonso sanadike. Ndikuopa kuti tsempho lingagwire Mabel, mwana wawo wamng'ono uja, amene ndi wofooka kale. Mwina aphunzitsi a Jeremiya anena kuti Mkhristu saopa zimenezo. Muwauze kuti ndikudziwa, koma ndikuopabe.

Pempho langa ndi limodzi. Mukalandira kalatayi musawauze a Jesinta panjira kapena kudimba. Yambani mwapita ku Maseya kwa amalume awo a Geresomo, iwo abwere adzanene okha, anthu alire, amete, mwambo wonse uchitike. Akafuna kuika thunthu la nthochi monga tinachitira a Sebastiano atagwidwa ndi ng'ona, musawaletse. Musadikire kuti ine ndibwere. Bulangete ndi chipewa chawo ndasunga.

Mupereke moni kwa amayi, kwa azakhali a Evelesi ndi kwa akazi anga, muwauze kuti ndili moyo. Kwa a Jesinta musapereke moni wanga kufikira atamva.

Abwana akuti asilikali amene tili nawo angachoke kuno tsiku lililonse, ndipo nawonso sakudziwa kumene tidzalowere. Yankho lanu lingandisowe. Sindikudziwa ngati kalata iyi idutsa, ndipo ikadutsa sindikudziwa ngati ipeza Mabel adakali bwino.

Tsalani ndi Mulungu. Ndine mng'ono wanu,
Kalisto