Makoswe ndi Mabuleki a Galimoto Yanu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Trelawney tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Galimoto yanu yakale ija ndaichiza ndi manja angawa! Kanyale ka ABS, makina aja oletsa matayala kuuma ukaponda buleki, kanayamba kuyaka mvula itangogwa. Tsiku lina ndikupita ndi amayi kuchipatala, ndinaponda buleki pamatope, matayala anauma, galimoto n'kutsetsereka mpaka m'munda wa fodya. Amayi anakwiya. "Bola chikochikari," anatero ponena ngolo, "ng'ombe ukaziuza kuti ziime zimamva."

Loweruka ndinaijeka n'kumachotsa matayala limodzilimodzi. Kuseri kwa lakumbuyo ndinapeza waya wa sensa, kachipangizo kouza ABS liwiro la tayala, ataduka, pamene khoswe anatafuna pakuoneka bwinobwino. Olakwa ndife tomwe, achimwene. Tinkasunga mbewu ya chimanga m'galimotomo chifukwa nyumba ikudontha. Ndinalumikiza wayayo, ndinamukulunga ndi tepi ndi mphira wa chubu, kenako ndinapukuta dothi lofiira lomwe linamata pasensapo. Nditaliza injini, kanyale kanangophethira n'kuzima. Ndinavina ndekha pabwalo, sipanala ili m'manja!

Dzulo ndinawanyengerera amayi mpaka anakwera. Pamatope omwe aja mbuzi inadumphira mumsewu. Ndinaponda mwamphamvu, buleki inanjenjemera kuphazi, galimoto inaima osakhota ngakhale pang'ono. Amayi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Lachinayi undiperekezenso."

Pobwera mudzanditengere sensa yatsopano, yolumikizayi sindingaidalire mpaka kalekale. Za makoswe musadandaule, mphaka ndapeza kale, akugona pampando wanu.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane