Dzina la mwana wa Mayi Linda

12 November, Lachiwiri
Shift yaitali ku care home. Mayi Linda a Room 6, Myuda yekhayo pano, akana porridge. Akufuna kandulo yoyaka tsiku lonse, yokumbukira mwana wawo. Manager wakana moto. Ndawapezera ya batire. Aiyang'ana ngati ndawapatsa tochi.

15 November
Powasambitsa andiuza. Mwanayo anabadwa mwamuna, Steve. Atakula anati iye ndi mkazi, dzina lake Fiona. Anyamata atatu anamumenya pa bus stop, n'kumwalira kuchipatala. Zaka 26. Malemu amuna awo analembetsa Steve pamanda. "Mwalawo ndi wabodza," atero, kenako andipempha thaulo.
Ndinawapatsa. Za anthu otere kwathu ndinkangomva akuseka.

18 November
Lachitatu ku sunagoge wawo ku Birmingham azitchula mayina a anthu ngati Fiona amene anaphedwa. Mwana wina wa Mayi Linda, wa ku Telford, akuti ali busy. Ine ndili off. Ndavomera kuwaperekeza ndisanaganize. Manager wasayina.
Amuna anga, Bambo a Mwai, akuti: "Mayi a mvano ngati iwe, anthu akakuona?" Ndati andione.

20 November
Kuzizira koopsa. Wheelchair inavuta kukwera basi. Anthu ochepa, tiyi wozizira. Rabbi, m'busa wawo, ndi mzimayi. Anati kwa Ayuda wopha munthu mmodzi wagwetsa dziko lathunthu. Mayina ambirimbiri, a ku Brazil, a ku Uganda, ena opanda dzina, zaka zokha. Ndinaganiza za amayi awo.
Pemphero la ofedwa amaimirira. Mayi Linda sanaime chidwalireni stroke. Anandigwira dzanja, ndinawanyamula m'khwapa, physio akanaona akanandilembera lipoti. Anatchula Fiona mokweza, kawiri. Pemphero lonse mawu amene ndinamva ndi Amen basi. Ndinalira kuposa eni ake.

21 November
Msana. Paracetamol.

24 November, Lamulungu
Kutchalitchi Abusa anafunsa amene ali ndi chopempherera. Ndinati Mayi Linda, mwana wawo Fiona anaphedwa. Bambo a Mwai ananditsina pa ntchafu. Abusa anapempherera "mlongo wathu Fiona" mpaka thukuta, mpingo wonse Amen. Bambo a Mwainso Amen, chapansipansi.
Potuluka Mayi Busa anandifunsa ngati Fionayo anali wa ku Zomba.